Kodi kukhuta kukutiumitsa mtima akhristufe?

Nambewe_A25:
Abale ndili ndi funso landisowetsa mtendere, ndipo chonde tikambirane zenizeni osati kungolemba amen nkudutsa. Kutchalitchi kwathu kuno ku Lilongwe tinachita pepa sande yogulira matailosi ndi mipando ya khushoni, ndalama zinakwana tsiku lomwelo mpaka kutsalako. Patapita masabata ochepa analengeza chopereka chapadera chothandiza akhristu anzathu a mpingo womwewu kumudzi amene chimanga chawo chinapserera m'munda, mbale inabwerako ndi tima K200 ndi tima K500 basi. Anthu ake ndi omwewo, matumba ake ndi omwewo. Ndipo ambirife tinakulira kumudzi, njala ya 2002 tinaiona ndi maso, ena tinadya gaga ndi zitsa za nthochi. Nde chimachitika nchiyani mumtima mwa munthu akayamba kugona pabwino ndi kudya katatu? Chifundo chija chimapita kuti?

Kabaza_wa_Yesu:
Sichipita kutali mayi, chimatsala pa geti ndi mlonda.

Phiri_wa_ku_Joni:
Ine ndikanako pang'ono. Anthu mukuwaona ngati okhutawo ambiri ndi otopa. Munthu mmodzi akayamba ntchito mtauni mudzi wonse umatsamira pa iye, fizi ya ana a achemwali, feteleza wa amayi, maliro, wina wadwala, wina wamangidwa akufunika belo. Kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 koma malipiro sanakwere choncho. Galimoto mukuionayo ndi ya loni, nyumba ndi ya lendi, pofika pa 15 munthu ali kale kwa akatapila. Nde akafika kutchalitchi nkumva za chopereka china mtima umangoti aaa basi inenso ndine munthu. Sikuti ndi kuuma mtima ayi.

Nambewe_A25:
A Phiri zomwe mukunenazo ndi zoona ndithu, inenso zimandipeza. Koma otopa omwewo za matailosi anapereka bwanji mosangalala? Apa mpamene pakundivuta.

Phiri_wa_ku_Joni:
Pa pepa sande amatchula maina pa maiki mayi. Chopereka cha anjala sanatchule aliyense.

MaiMvano_Dedza:
Eeh apo mwalasa. Ndipo matailosiwo tiwapondapo ndife, mpando wa khushoniwo tikhalapo ndife. Kunena zoona pamenepo tinadzigulira tokha, tinangodutsitsa ndalamayo m'mbale ya chopereka.

Mkulu_wa_Mpingo62:
Ana anga ndiloleni ndilembe motalikirapo, nkhaniyi ndi yakale kwambiri kuposa matailosi. Tsegulani Luka 16 kuyambira ndime 19. Yesu sananene kuti munthu wachuma uja anaba chuma chakecho, sananene kuti anamenya Lazaro kapena kumuthamangitsa pakhomo. Lazaro ankagona pachipata pake tsiku ndi tsiku ndipo mwini nyumba anamulekerera kugona pamenepo, mwina ankadziyesa munthu wabwino kumene chifukwa sanamupirikitse. Chimene chimandiopsa ine ndi chakumapeto. Ali m'mazunzo anakweza maso namuzindikira Lazaro, namutchula dzina popempha Abrahamu kuti amutume ndi kadontho ka madzi. Nde kuti ankamudziwa. Nkhope ankaidziwa, dzina ankalidziwa, zilonda ankaziona polowa ndi potuluka, koma anazolowera. Lazaro anasanduka mbali ya geti.
Pitaninso pa Amosi 6. Nthawi imeneyo ya mfumu Yerobowamu wachiwiri ku Samariya zinthu zinkayenda, malonda ali bwino, anthu akupembedza ndithu ndi kupereka nsembe. Mneneri akuwadzudzula kuti amagona pa mabedi a minyanga ya njovu, amadya ana a nkhosa ndi ana a ng'ombe onenepa, amaimba nyimbo ndi azeze, amadzola mafuta apamwamba, koma kuwonongeka kwa abale awo sikuwapweteka mumtima. Ndipo Ezekieli 16:49 akafotokoza tchimo la Sodomu amatchula kudzikuza, kukhuta, kukhala mosatekeseka, ndi kusagwira dzanja la wosauka. Ndime imeneyi pa guwa siimveka kawirikawiri.
Nde mayi Nambewe yankho langa ndi lakuti kukhuta sikumusandutsa munthu kukhala wankhanza tsiku limodzi. Kumamuchotsa pang'onopang'ono pamalo pamene akanamva kulira. Kale tinkakwera minibasi nkupanikizana ndi mayi wobereka mwana wotentha thupi akupita kuchipatala, unkamva kutentha kwa mwanayo paphewa pako. Lero tatseka magalasi tayatsa wailesi ya nyimbo zauzimu. Kale nyumba zinalibe mipanda, ukaphika mnansi ankadziwa, iye akagona ndi njala iwenso unkadziwa chifukwa utsi sunatuluke kwawoko. Lero mpanda wa njerwa, waya pamwamba, mnansi dzina lake sitilidziwa.

Nachisale_wa_Zomba:
Bambo mwandikhudza. Zoti wachuma uja ankadziwa dzina la Lazaro ndinali ndisanaziganizepo.

Gama_Biz:
Zabwino zonsezo koma tisaiwale 2 Atesalonika 3:10, wosafuna kugwira ntchito asadye. Ine ndinathandizapo bambo wina anabwera pa shopu ndi kalata ya chidindo kuti mwana wake wamwalira akusowa thiransipoti ya maliro, mwezi wotsatira ndinamupeza kutsidya lina la tauni ndi kalata yomweyo mwana yemweyo wamwaliranso. Ana a mumsewu ukatsitsa galasi kuti uwapatse kanthu winayo akutsomphola foni mbali inayi. Mpandawo sitinamange chifukwa chodana ndi anansi, tinamanga chifukwa cha mbava. Tizinena zonse.

MaiMvano_Dedza:
A Gama ndime imeneyo Paulo ankanena abale a mumpingo amene anasiya dala ntchito nkumangoyendayenda kudya za anzawo. Sankanena mlimi amene analima, anabzala, anapalira, nkubwera dzuwa la El Niño kudzaotcha zonse. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala, onsewo anali aulesi? Mayi wa kwathu kuno amadzuka mdima ulipo kukagwira ganyu m'munda wa wina kuti apeze kambale ka ufa, inu ndi ine tisanatembenuke pabedi.

Gama_Biz:
Sindinanene alimi ine mayi. Ndikunena akuba ovala nkhope ya umphawi.

Mkulu_wa_Mpingo62:
Alipo akubawo a Gama, palibe akukana. Koma taonani mmene mtima umachitira: munthu mmodzi wakunamiza, iwe nkutsekera khomo anthu zana. Ndipo mtima umakondwera mobisa kuti wapeza chifukwa. Njira yake siyovuta, ngati ukuopa kunamizidwa pita ukaone wekha, funsa amfumu, funsa a mvano kapena a mphakati a dera limenelo, iwo amadziwa nyumba imene simukufuka utsi. Koma kupitako nkumene sitifuna.

Namwino_wa_Usiku:
Ine ndilankhule zomwe ndimaona kuntchito, chipatala sinditchula. Ku khitchini ya magadiyani kumakhala amayi ochokera kutali, ena atha mwezi akudikirira wodwala, ufa unatha kalekale. Amene amawagawira ndi anzawo osauka omwewo. Wina watsala ndi kaufa pang'ono amaphika nkuitana mnzake woti sakumudziwa nkomwe kuti tiyeni tidye, nkhuni amabwerekana, wina wodwala wake akamwalira usiku amayi onse aja amadzuka nkumuperekeza ndi nyimbo mpaka ku mochale, osafunsa kuti ndinu a mpingo wanji. Nde nthawi yoona odwala ikakwana amabwera a mipingo atatchena, mabasiketi m'manja, amalunjika pa bedi la membala wawo, kupemphera mokweza wodi yonse kumva, kumusiyira majuwisi ndi zipatso zoti sangamalize, nkutuluka. Bedi loyandikana nalo pali agogo oti chibwerereni palibe anadzawaona, maso ali pa basiketi paja, palibe olo mmodzi wowapatsa moni. Sikuti ndi anthu oipa ayi, ena ndimapemphera nawo. Sawaona basi. Maso awo anaphunzira kudumpha.
Ndipo pali gulu lina la amayi a Dorika limabwera mwakachetechete ndi phala m'ndowa nkuyenda bedi ndi bedi osasankha, amenewo ndikawaona mtima umakhala pansi.

Kabaza_wa_Yesu:
Asisi zimenezo nzoona. Ngozi ikachitika pamsewu amene timanyamula ovulala ndife a kabaza ndi mavenda. Magalimoto abwinoabwino amangochepetsa liwiro kujambula nkupitirira, ena ali ndi sitika ya vesi kumbuyo. Akuti magazi aononga mipando, akutinso apolisi akakuvutitsa ndi mafunso.

Achimwene_Leeds:
Zaapolisizo nzoona koma, anthu amaopa kusanduka mboni kapena kunamiziridwa kuti wagunda ndiwe. Pamenepo pakufunika akuluakulu akonze.

Kabaza_wa_Yesu:
Nanga ife sationa apolisiwo? Timaopa ndithu koma munthu akutha magazi.

Achimwene_Leeds:
Ndamva achimwene, sinditsutsa. Ine zanga ndi za kunjaku. Kuno magetsi sazima, madzi otentha ali pampope, ukadwala sulipira kuchipatala. Pakapita zaka uthenga wa kumudzi umayamba kumveka ngati chisokonezo, foni ikalira nambala ya +265 mtima umayamba wadandaula usanamve nkomwe kuti kwagwanji. Ambirife timatumiza ndalama mokhulupirika ndithu, koma ndaona kuti kutumizako nthawi zina kumakhala kugula mtendere, kuti asandiimbirenso mwezi uno. Ndalama yapita koma munthuyo sunamufunse kuti usiku wagona bwanji.

MaiMvano_Dedza:
Za maliro nazo zafika pomwepo. Kale maliro akagwa unkapita kukagona pa siwa, kuzizidwa limodzi ndi anamfedwa, amuna panja pamoto amayi m'nyumba kuimba mpaka kucha. Lero tikuponya chipepeso pa Airtel Money kapena Mpamba nkutumiza sikirinishoti ku gulu kuti aone tapereka. Obwerawo amafika nthawi ya mwambo, amakhala mu tenti pa mipando, chakudya chawo chapadera, adzukulu amene akumba manda kuyambira mbandakucha akudikira nsima kumanda.

Phiri_wa_ku_Joni:
Mayi nanga ife tili kutali titani? Basi yochokera ku Joni imatenga masiku awiri, ukafika aika kale. Ndalama yomweyo ndi imene imagula bokosi.

MaiMvano_Dedza:
Inu a kutali sindikukunenani bambo, Mulungu akudalitseni pa bokosilo. Ndikunena wa ku Area 47 maliro ali ku Mitundu.

Jenereta_Man:
Pepani ndipatuke pang'ono, amene mwaika matailosi mutchalitchi mawu sakumveka phokoso? Kwathu chiikireni maspika akungolira, tikuganiza zoika siling'i.

Nachisale_wa_Zomba:
Ikani makatani olemera m'mazenera ndi kapeti kutsogolo zimachepa. Koma bambo tabwererani ku nkhani.

Gogo_wa_ku_Nsanje:
Zidzukulu zandilembera izi, ine maso anafooka. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, cha m'ma 1986 kupita mtsogolo, anthu ankaoloka malire usiku ndi ana kumsana opanda kanthu m'manja. Dziko lino linasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo kuno ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Mabungwe asanafike ndi matenti ndi ufa amene anayamba kuwalandira ndi anthu wamba, amfumu kuwapatsa malo omanga zisakasa, ife kugawana nawo mapira ndi nyemba zomwe zinali zosakwana kale. Tinalibe kanthu, nsapato ndinalibe ine. Mu 2023 ndinamva pa wailesi kuti othawa kwawo amene ankachita malonda m'matauni akuwagwira, ana ndi amayi omwe, kuwasunga ku ndende ya Maula kenako kuwatengera ku Dzaleka, malo amene anakonzera anthu 10,000 kapena 12,000 koma muli oposa 50,000. Ndinamva akhristu ena akuti zakhala bwino atilanda bizinesi. Ndinalira ine. Tili osauka tinatsegula zitseko, lero tili ndi mashopu tikuwerengera makasitomala.

Gama_Biz:
Agogo ndi ulemu wonse, lamulo la dziko lino limati othawa kwawo azikhala ku kampu. Boma linangotsata lamulo. Ndipo achinyamata athu ntchito alibe.

Nachisale_wa_Zomba:
Lamulo likhale lamulo a Gama, agogo sakukamba za khoti. Akukamba za kuombera m'manja mwana akukwezedwa mu lole. Munthu ukhoza kuvomereza lamulo koma mtima nkukupweteka.

Gama_Biz:
Pamenepo ndavomera. Kuombera m'manja kunalakwika.

Mlongo_wa_Chilobwe:
Ine ndinaliko nthawi ya namondwe wa Freddy, Malichi 2023, matope ndi miyala zitatsika phiri la Soche usiku. Amene anayamba kukumba ndi anyamata a m'dera momwemo ndi makasu, mafosholo, ena manja okha, mvula ikugwabe. Dziko lonse anthu oposa 1,000 anapita, oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Masabata oyamba thandizo linabwera ndithu ndipo ndikuthokoza, mipingo inabwera, makampani anabwera, magalimoto ali ndi zovala ndi mabulangete. Koma zinali ndi nyengo yake. Makampu atatsekedwa anthu anabwerera kukamanga pamalo omwewo oopsa chifukwa kwina alibe, ana amasiye anagawidwa kwa achibale oti nawonso alibe kanthu, ndipo mafoni aja anasiya kulira. Chimene ndinaphunzira nchakuti munthu wokhala pabwino amatha kumva chisoni sabata imodzi kapena ziwiri, chifukwa zithunzi zikuyenda pa WhatsApp. Koma kuyenda ndi munthu chaka chathunthu mpaka aimenso, amatha ndi amene akukhala naye pafupi. Mayi wina wogulitsa makala kuseri kwathu anatenga ana awiri a mnansi wake amene anakokoloka, mpaka lero ali nawo, palibe anamujambulapo.

Nambewe_A25:
Mlongo pepani kwambiri. Mayi ameneyo ngati nkotheka mundilumikize naye ku inibokosi.

Mtumiki_Favour:
Koma abale tisachititse anthu manyazi chifukwa Mulungu wawadalitsa. Abrahamu anali wolemera, Yobu anali wolemera. Umphawi si chiyero. Ena akuvutika chifukwa cha maunyolo a kumtundu ndipo chofunika ndi mapemphero a mamasulidwe osati kumangowapatsa ufa.

Mphunzitsi_Ntcheu:
A Mtumiki mbali yoyamba ndikugwirizana nanu, chuma si tchimo ndipo palibe pano akufuna tonse tikagone pamphasa. Koma mbali yachiwiriyo ndi imene ikupha chifundo m'mipingo yathu. Ukaphunzitsa anthu kuti galimoto ndi umboni wa chikhulupiriro, wawaphunzitsanso kuti woyenda pansi chikhulupiriro chake nchoperewera, nde umuthandiziranji munthu woti vuto ndi lake lomwe? Abwenzi a Yobu ankaganiza chimodzimodzi ndipo Mulungu anawakwiyira. Pa Yohane 9 ophunzira anafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu uyu abadwe wosaona, Yesu anati palibe. Ndipo Yobu amene mwamutchulayo, werengani mutu 29 ndi 31, akuti anali maso kwa osaona ndi mapazi kwa olumala, sanadye chakudya chake yekha mwana wamasiye akuyang'ana. Deuteronomo 8 imachenjeza mosabisa kuti ukadya nkukhuta, ukamanga nyumba zabwino, samala mtima ungayambe kunena kuti ndi mphamvu ya dzanja langa. Yakobo 2:15-16 ndiye amamaliza: m'bale ali wamaliseche ndi wanjala iwe nkumuuza pita mumtendere ukafunde ukakhute osamupatsa kanthu, phindu lake nchiyani? Mupemphereni inde, ufawo mupatseninso.
Ndikumbutsenso mbiri. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata ija inawerengedwa m'matchalitchi dziko lonse. Anthu amaikumbukira pa ndale zokha chifukwa inatsegula njira ya referendamu ya 1993, koma inanenanso za kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa a antchito, mitengo yotsika imene alimi ankagulidwa nayo mbewu, mavuto a m'zipatala ndi m'sukulu. Anthu amenewo anali ndi nyumba zabwino ndi magalimoto, akanatha kukhala chete. Anaopsezedwa, Monsinyo John Roche anathamangitsidwa m'dziko muno. Nde nzotheka kukhala pabwino mtima nkukhalabe wamoyo, koma pamafunika kulolera kuti mtendere wakowo usokonezeke.

Mtumiki_Favour:
Sindinati tisapereke ufa. Ndati tisaiwale zauzimu.

Mphunzitsi_Ntcheu:
Tagwirizana ngati zili choncho. Bola zauzimuzo zisakhale chobisalira.

Nachisale_wa_Zomba:
Ine ndibweretse pafupi kwambiri, m'nyumba mwathu momwe. Tisanapite ku Nsanje kapena ku Dzaleka, mtsikana wantchito amene amadzuka 4 koloko kutiphikira madzi osamba timamulipira zingati, ndipo pa nthawi yake? Amadya zomwe tikudya kapena zotsala? Lamulungu ife tikapita kutchalitchi iye amatsala akuchapa, kodi iye alibe Mulungu? Mlonda amagona panja mu Juni kuzizira kuja opanda jekete, ife tili m'bulangete ziwiri, m'mawa tikumukalipira kuti anagona. Yakobo 5:4 akuti malipiro amene mwabisira antchito anu akufuula ndipo Ambuye wamva. Pena timapereka chakhumi chokwana bwinobwino mwezi umene wantchito tamuuza kuti adikire.

Kabaza_wa_Yesu:
Ndinagwirapo ulonda ine. Nyumba ina ankachita mapemphero a usiku pabalaza, tiyi ndi buledi kuzungulira, ine panja olo kapu ya madzi otentha. Agalu ankaphikiridwa bwino kuposa ine. Sindinawasungire mkwiyo koma tchalitchi chawo sindikanapitako.

MaiMvano_Dedza:
Mwana wanga pepa. Mawu akowa aliyense pano awawerenge kawiri.

Gama_Biz:
Za alonda mwandigwira, wanga jekete alibe. Mawa ndikagula.

Wa_Utumiki_wa_Ndende:
Ndawerenga zonse, ndiwonjezere anthu amene timawaiwala kotheratu chifukwa sitiwaona ngakhale pa geti. Ahebri 13:3 akuti kumbukirani am'ndende ngati kuti mwamangidwa nawo limodzi. Ndende zathu ngati Maula, Chichiri ndi Zomba ndi zodzaza kupitirira muyeso, khoti linagamula kale mu 2009 pa mlandu wa Gable Masangano kuti kuthithikana kumeneko ndi nkhanza zosayenera munthu, koma mpaka lero anthu amagona chokhala, chakudya kamodzi patsiku. Alipo ambiri oti sanaweruzidwe nkomwe, ali pa rimandi, ena pa milandu ya nkhuku kapena chifukwa chosowa ndalama ya belo. Tikapempha anthu kumpingo kuti tipite, mayankho ake ndi akuti kumanunkha, kuli mphere ndi TB, anadziyamba okha. Koma amene wapitako kamodzi amabwerako wasintha, sufunikanso kumukakamiza. Ife timapita Loweruka lachiwiri mwezi uliwonse, amene muli ku Lilongwe mukhoza kubwera, galimoto yonyamula katundu ndi imene imativuta.

Nambewe_A25:
Ine ndibwera ndipo galimoto ndili nayo. Timatenga chani?

Wa_Utumiki_wa_Ndende:
Sopo ndiye woyamba, wochapira ndi wosambira, kenako shuga, mchere, soya pisesi, mafuta odzola, ndi mapadi a amayi. Zovala zikhale zochapa bwino. Za m'mabotolo agalasi ndi zakuthwa salola. Mubwere ndi chiphaso chanu, mafoni amatsala pa geti, ndipo maina ndimayenera kupereka kwa akuluakulu a ndende pasadakhale nde munditumizire pofika Lachitatu.

Gama_Biz:
Loweruka shopu sinditseka koma katoni ya sopo ndipereka, mudzadutse.

Namwino_wa_Usiku:
A Gama sopoyo apite ndithu, koma tsiku lina mudzasiye mnyamata pa shopu mupite nokha. Ine ndikatuluka naiti Lachisanu ndigona pang'ono, mundidikire pa depoti cha m'ma 9.

Jenereta_Man:
Mundilembe nanenso. Amuna amalola kulowa mbali ya amayi kapena tigawana magulu?

Wa_Utumiki_wa_Ndende:
Tigawana, amayi kwa amayi abambo kwa abambo. Amene muli ndi mabaibulo akale a Chichewa osagwiritsa ntchito mubwere nawo, amawapempha kwambiri.